Bambo Anga M'kalasi ya Masamu

Ndikukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a masamu, a Kalonga, anandiimitsa pakhomo la kalasi. Ndinali Folomu 3 pasukulu ina kufupi ndi Nsaru. Anati akufuna ndiyambe masamu owonjezera, amene ankaphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi ena onse akaweruka. Anali atasankha anyamata asanu, mtsikana ine ndekha.

Sindinakondwe. Anzanga anati masamuwo ndi msampha, amangogwetsa munthu pamayeso. Wina anaseka n'kunena kuti mwina chimene aphunzitsiwo akufuna si masamu ayi. Chaka chapitacho mtsikana wa m'mudzi mwathu anali atasiya sukulu ndi pathupi, ndipo mwini pathupipo sanatchulidwe.

Bambo anga ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Nditawafotokozera, anamvetsera osadzutsa mutu.

"Mtsikana wekha, eti? Ena onse atapita?"

"Inde, bambo."

"Kodi akazi awo amakhala nawo konkuno?"

Ndinati sindikudziwa. Anapitiriza kusoka fodya wawo.

Lachiwiri masana, phunziro litangoyamba, ndinamva kulira kwa tcheni cha njinga yathu panja. Bambo analowa atavala jekete lawo la kutchalitchi, manja akununkhabe fodya, n'kukakhala pabenchi ya kumbuyo. A Kalonga anadodoma, kenaka anapitiriza kulemba pabolodi. Anyamata aja ankatsinana n'kumaseka. Ine nkhope inkatentha ndi manyazi. Bambo analekeza Sitandade 5, koma anakhala maola awiri athunthu maso ali pa aphunzitsiwo.

Pobwerera anandikweza pakaliyala. Titadutsa dambo anayamba kuyankhula.

"Palibe chimene ndatolapo. Koma ndaona kuti munthu uja amayang'ana kope lako, osati iwe. Nanga iweyo masamuwo ukuwafuna?"

Panalibe amene anali atandifunsapo zimenezi. Ndinapeza kuti ndikuwafunadi, ndipo ndinavomera.

Komabe mtima wawo sunakhale pansi. Anapitiriza kubwera materemu awiri, fodya akudikira, ndipo a Kalonga ankangowapatsa moni wapatali. Mpaka ndinalemba mayeso bambo asanawasekererepo aphunzitsiwo.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati bambo akundinyazitsa. Lero ndimaphunzitsa masamu omwewo, ndipo ndazindikira kuti kundiletsa kukanakhala kosavuta, m'mudzi monse akanawayamikira. Iwo anasankha kutopa ndi kusekedwa kuti ndiphunzire. Kholo likabwera kudzandifunsa mokayika za mwana wake, sindikwiya. Ndimalitengera mpando.