Umboni wa m'mimba mwa Lorna Tisdale

Lorna Tisdale ankayendetsa galimoto zonyamula mafuta pankhondo ya ku Iraq, ndipo anabwerera kwawo ku Ohio manja ndi miyendo zili bwinobwino. Chimene chinawonongeka ndi m'mimba: lero kutsegula, mawa kudzimbidwa, kupotokola kosatha. Ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu inamukanika, poti m'mimba mukalamula sungadikire siteji.

Atapempha chithandizo cha asilikali olumala, dokotala anamuyang'ana ngati wakuba n'kumuuza kuti angochepetsa khofi. Pempho lake linakanidwa. Anthu omwe ankamuombera m'manja pa tsiku lokumbukira asilikali ankanong'onezana kuti, "Anzake anasiya miyendo kunkhondo, uyu akufuna malipiro a kuchimbudzi."

Lorna anachita apilo. Woweruza, bambo watayi amene nkhondo anangoionera pa kanema, anafunsa kuti, "Mayi Tisdale, umboni woti matendawa anayambira kunkhondo uli kuti? Bwanji simunapite kuchipatala nthawi imeneyo?"

"Bwana, pamsewu umene uja ukangoima, wafa," anayankha Lorna. "Tinkadzithandizira m'matumba apulasitiki galimoto ili pa liwiro, n'kuponya pawindo. Ndikanadziwa kuti mudzawafuna matumbawo, bwenzi nditakusungirani."

Woweruzayo anatsokomola, n'kuyamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'dzanja lake lomwe.

Patapita miyezi anamuvomera, koma pamlingo wotsikitsitsa wa malipiro, ati matendawo si aakulu kwenikweni. Nkhaniyi inamupeza pafoni ali m'chimbudzi cha pamalo omwetsera mafuta, thukuta lili kamukamu. Anaseka mpaka munthu wina anagogoda kufunsa ngati ali bwino. M'mawa mwake anachitanso apilo.