Jekapu ndi Chitseko Chosoka

Jekapu wa ku Mphuka anali msodzi, ndipo msodzi wake wapakamwa, uja woti akakola mcheni wamkulu mudzi wonse umve iye asanafike n'kugombe komwe. Nkhondo ya ku Rhodesia itafika povuta, Zambezi analeka kukhala mtsinje wa aliyense. Munthu akangopalasa bwato, mfuti inkalira kuchokera kutsidya popanda womufunsa dzina. Jekapu anakokera bwato lake pansi pa mtengo wa bwemba, ukonde n'kuupachika kudenga m'nyumba. Tsiku limenelo anatukwana zonse, ndi ndege zomwe.

Ambiri anamanga mitolo kuthawira ku Lusaka. Mkulu wake, Langford, anapita nawo, ndipo anamuuza kuti kuseri kwa nyumba kumeneko kuli kachipinda komudikira. Jekapu analumbira pamaso pa anthu kuti mwana wake Nelly sakakulira kuseri kwa nyumba ya munthu. Chimene anavomera kulandira ndi kagalimoto kakale ka pikapu kamene Langford anakasiya pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Paunyamata Jekapu anakhalapo lole boyi pa Boma, choncho anakagwiragwira mpaka kanatsokomola n'kudzuka.

Kagalimoto kameneka ndiko kanamusunga pamudzi. Kankanyamula odwala kupita ku kiliniki, pobwera n'kutenga ufa, mchere ndi parafini. Poopa mabomba okwirira, Jekapu ankapondetsa matayala m'mene mwadutsa kale anzake. Ankadziwa bwino kuti tsiku limene kagalimotoko kadzachoke m'manja mwake, ulendo wa kukachipinda kuja wapsa.

Tsoka lake linali pa chitseko cha kumanzere. Mkati mwa chitseko mumakhala chibodi chokutira mphako ya galasi, ndipo chimagwira ndi timapini. Asilikali a pa rodibuloko yolowera ku Boma, pofufuza zida, ankachikanula ndi mpeni wa pamfuti. Ulendo uliwonse kapini kankathyoka, mpaka tonse tinatha. Chibodi chinayamba kugogoda pachitsulo, tatatata, makamaka pamsewu wa mabampu, moti amayi olima mapira ankaponya makasu n'kudzigwetsa m'mizere poyesa ndi mfuti. Akadzutsa mutu n'kuona kuti ndi Jekapu, ankamulalatira mpaka fumbi lake litazilala.

Kenaka pa rodibuloko panabwera sajeni watsopano, mnyamata wa m'tauni wamaso ofiira ndi tulo. Anagwedeza chibodicho ndi nsapato.

"Iwe mudala, ichi chitseko n'chifukwa chani chili so? Ubisamo chani?"

"Anathyola ni anzanu, bwana. Ine n'nachipeza chabwino."

"Sinifuna nkhani. Nikachipeza futi chili lendelende, motoka izagona pano. Uzayenda na mendo."

Jekapu anabwerera kumudzi mtima uli m'mwamba ndi ukali. Othyola ndi iwo, oweruza ndi iwonso! Timapini totero tinkapezeka ku Lusaka kokha. Anayesa waya, wayayo anang'amba chitenje cha mayi wina. Anayesa misomali, koma pachitsulo chopyapyala inkangosololoka. Ndiye panali ichinso: akachimanga chamuyaya, mpeni uja udzachithyolanso, sajeni n'kupeza chonamizira. Chinkafunika chinthu chogwira zolimba koma chomasuka mwini wake akafuna, ndipo mwa zonse zimene Jekapu ankadziwa, chotero chinali chimodzi chokha.

Mkazi wake Febbie anamupeza atatsitsa ukonde, mpeni uli m'manja.

"Awisi Nelly, mwapenga? Uyo ukonde mukaudula, nkhondo ikasila tizadya chani?"

"Anyina Nelly, nkhondo ikasila itipeze tili pano. Ku Lusaka ukonde nizakolera chani, makoswe?"

Febbie anatuluka kukakhala kuseri, ndipo Jekapu anamva yekha kuti akulira. Iyenso zinamupweteka kwambiri, pakuti chingwe cha m'mphepete chimene ankachotsacho anachiluka limodzi ndi malemu bambo ake. Koma anadula ndithu.

Anawotcha msomali pamakala n'kuboola timabowo m'mbali mwa chibodi, kuyang'anizana ndi mabowo a timapini aja pachitsulo. Kenaka anatenga singano yake ya nsungwi yosokera ukonde, n'kuyamba kulowetsa chingwe, kukoka, kulowetsa, kukoka, kuzungulira chitseko chonse. Kumapeto anamanga mfundo imene asodzi amamangira bwato pagombe la ng'ona, ija yoti ukangokoka nsonga yamasuka. Anamenya chitseko ndi chibakera. Chete!

M'mawa mwake Febbie anakwera kutsogolo, nkhope ili gwa, amayi opita kuchigayo ali kumbuyo ndi matumba awo. Njira yonse panalibe wodzigwetsa m'mizere. Atafika pa rodibuloko, sajeni uja anatsegula chitseko, n'kuona chingwe chikuyenda m'mbali mwaudongo ngati mpendero wa diresi. Anaseka, nasolola mpeni wake.

"Bwezani mpeni uyo," anatero Jekapu.

Febbie anati amutsine pantchafu, koma iye anali atatsika kale. Anazungulira galimoto, naima pakati pa mpeni ndi chitseko.

"Mufuna kuona mukati? Nizakutsegulirani neka. Koma ichi chingwe simuzachidula. Chachoka ku ukonde wanga, ndipo winangu nilibe."

Anakoka nsonga ija. Chingwe chinasololoka bowo ndi bowo, chibodi n'kuyasama. Sajeni anasuzumira, napisamo dzanja, natulutsa nthenga ya nkhuku ya Langford. Mnzake wina anaseka. Nthawi yomweyo kumbuyo kunafika chilole cha asilikali, n'kuyamba kuliza hutala, chifukwa msewu pamenepo unali wopapatiza pakati pa migolo.

"Chabwino, yenda. Chosa motoka!" anatero sajeni.

Jekapu anapisa m'thumba la malaya, natulutsa singano yake ya nsungwi, n'kukhala pansi m'fumbi pafupi ndi chitseko.

"Munakamba mweka kuti mukachipeza lendelende, motoka izagona pano. Manje chili lendelende. Lekani nisoke."

Hutala inaliranso. Dalaivala wa chilole anatulutsa mutu n'kuyamba kukalipira sajeni, sajeni n'kukalipira Jekapu, koma Jekapu anali pa bowo lake loyamba, ndipo ukonde sausoka mothamanga. Mantha anali nawo ngati wina aliyense. Chingwe chinaphonya bowo, chinaphonyanso.

Apo Febbie anatsika. Anamanga chitenje bwinobwino, nagwada pambali pa mwamuna wake, n'kukanikiza chibodi ndi manja onse awiri kuti mabowo alingane, monga ankamugwirira ukonde pagombe.

"Kokani bwino, awisi Nelly," anatero mokweza kuti sajeni amve. "Musasiye bowo olo imodzi. Azayembekeza."