A Nkhumeleni ndi Mfula wa Zipewa

A Nkhumeleni Ravhura ndi wosenda zikopa pa famu ya bwana Stoffel, kufupi ndi tauni ya Alldays, kumene ine ndimaphikira alendo kuyambira mwamuna wanga ali moyo. Anafika pafamupo ali mnyamata, bambo ake a Stoffel akadaweta ng'ombe, mpanda wautali wa nyama zakutchire usanamangidwe. Anakwatira pomwepo, ndipo akazi awo atamwalira anawaika kuseri kwa nyumba yawo yamalata, pansi pa mtengo wa tsanya. Ndi munthu wamfupi, wadazi, wa manja ong'aluka ndi mchere, ndipo amayankhula ngati akukuuza chinsinsi ngakhale akungopempha machesi.

Alendo athu amabwera m'nyengo yozizira, ambiri ochokera ku Amerika. Amalawirira ndi bwana Stoffel pagalimoto kukasaka nswala, nyumbu, mbidzi ndi njiri, koma imene aliyense amailota ndi ngoma yaimuna ya nyanga zopotana. Nyama ikagwa amajambulitsa nayo, kenako amabwera nayo ku shedi, kumene a Nkhumeleni amadikira akunola mipeni.

Bwana Stoffel ali ndi lamulo limodzi losapindika: wantchito asapemphe kanthu kwa mlendo. Dalaivala wina anapempha nsapato, ndipo tsiku lomwelo anatuluka pageti atasenza matiresi. A Nkhumeleni sanapemphepo kanthu. Iwo anali ndi mwambo.

Mlendo akapha ngoma, bwana ankapita kukasamba, mlendoyo n'kutsala ku shedi akusirira nyanga zake. Apo a Nkhumeleni ankapukuta manja, n'kumukodola kuti apite naye kuseri, pa mtengo wa mfula.

"Bwana," ankatero motsitsa mawu, "kwathu kuno ngoma si nyama wamba. Chipewa chimene munavala poiwombera chaona imfa yake. Sichibwereranso kunyumba. Chimatsala pamtengo pano, kuti akuluakulu akale adziwe kuti munabwera mwaulemu."

"Nanga ndikapita nacho?"

"Palibe vuto, bwana. Nyanga zimangong'aluka zikafika kwanu, basi. Komanso musawauze a Stoffel. Ndi opemphera kwambiri, zoterezi zimawapweteka mtima."

Zenera la kukhitchini kwanga limayang'ana pa mfulawo. Ndaona azibambo a mimba zikuluzikulu ataima mutu uli pamtunda, akukoleka chipewa pa nthambi, ena akupukuta misozi. Mlendo akangonyamuka ulendo wa ku bwalo la ndege, a Nkhumeleni ankabwera ndi ndodo yokowera.

Ine ndinabadwira kumapiri komwe iwo anabadwira, ndipo mwambo umenewu sindinaumvepo. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Alamu, mwambowu ndi wa agogo ati?"

"Wa agogo a mtsogolo, mayi a Lufuno. Ndangowayambira."

Zipewazo sankagulitsa. Ankagawa. Ukapita pamaliro kumudzi kwa Kutama, unkaona abusa, woyendetsa minibasi ndi ogulitsa mowa onse atavala zipewa zazikulu za ku Texas, ngati akupita kukasaka. Mwamuna wanga, a Maanda, amene ankasamala mijigo ya madzi omwa nyama zakutchire, analandira chofiirira cha nthenga ya nkhukundembo. Ankachivala Lamlungu lokha. Atamwalira ndinachikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo chinakhala pomwepo. Bwana Stoffel ankangodandaula kuti alendo a masiku ano ndi osasamala, amataya zipewa m'tchire, mpaka anaitanitsa zisoti zolembedwa dzina la famu n'kumawagulitsa.

Zinayenda choncho zaka zambiri, kufikira a Harlan atabweranso. A Harlan anali mlendo wa ku Texas amene anapha ngoma yake kalekale, ndipo ulendo uno anabwera ndi akazi awo, a Jolene. Madzulo atangofika analowera ku shedi. Ine ndinali komweko, kukatenga chiwindi cha nswala.

"Mnzanga wakale! Mawa tikabwera kutchire ndikufuna mayiwa aone chipewa changa pamtengo paja. Nyanga zija sizinang'aluke ngakhale pang'ono. Ndawauzanso a Stoffel kuti tipite limodzi. Zaka zonsezi, akwiyirenji?"

A Nkhumeleni anaseka, anagwedeza mutu, anathokoza. Mlendo atachoka anakhala pansi pa thumba la mchere.

"Mayi a Lufuno, ndatha ine. Pamtengo paja palibe ngakhale chingwe cha nsapato. Stoffel akadziwa, nditulukira pageti lija. Manda a mkazi wanga ndiwasenza bwanji?"

"Chipewa chawo chinali chotani?"

"Ndingadziwe bwanji? Azungu akavula chipewa amafanana onse."

Kutacha anauza bwana kuti dzino lawapweteka, anamanga nsalu kuchibwano, n'kukwera minibasi ya ku Kutama ndi thumba lopanda kanthu. Zimene zinachitika kumeneko ndinamva kwa mchemwali wanga, amene amagulitsa tomato pamsika. Akuti anayamba ndi woyendetsa minibasi yomweyo, kumuvula chipewa galimoto ikuyenda. Kenako anapita kwa abusa.

"Abusa, ndibwerekeniko chipewa chija."

"Chimene munapereka kwa Ambuye?"

"Ndinapereka kwa inu. Ambuye alibe dazi."

Wogulitsa mowa anakana kwamtuwagalu, akuti popanda chipewacho anthu sangamuzindikire. A Nkhumeleni anamukumbutsa za miyendo ya njiri imene amawotchera makasitomala ake Loweruka lililonse, ndi kumene imachokera. Chipewa chinalowa m'thumba.

Anabwerera dzuwa lili paliwombo, thumba litadzaza. Koma zipewazo zinali zosamalidwa bwino, zina zonunkhira mafuta odzola, osati zoti zakhala padzuwa zaka ndi zaka. Ndinawaona pazenera akuzigubuduza m'fumbi, akuzipondaponda, china akuchimenyetsa pa tayala la thirakitala. Kenako anakwera makwerero n'kuyamba kuzikoleka.

Nthawi yomweyo a Jolene, amene sanapite kutchire chifukwa cha mutu, analowa kukhitchini kudzapempha tiyi. Anandionetsa chithunzi pafoni: amuna awo ali kumbuyo kwa ngoma, akumwetulira, atavala chipewa chofiirira cha nthenga ya nkhukundembo. Ndinawathirira tiyi. Atatuluka ndinazima chitofu, n'kupita kunyumba kwanga.

Ndinaima kanthawi kuseri kwa chitseko. M'kati mwa chipewacho munali mukadali fungo la a Maanda, la fodya ndi girisi. Ndinachibisa m'epuloni n'kupita nacho pa mfula.

"Ichi ndicho cha a Harlan."

A Nkhumeleni anachiyang'ana, anandiyang'ana. Anachidziwa.

"Musachigubuduze m'fumbi," ndinatero. "Chikolekeni momwemo."

Galimoto inabwera dzuwa litapendeka, nyumbu ili kumbuyo. A Harlan anatsogola, akazi awo pambuyo, bwana Stoffel pambuyo penipeni, manja ali m'chiuno. Mfula unali utabereka zipewa nthambi zonse. A Harlan anachiona chawo nthawi yomweyo. Anachitsitsa, n'kuchitembenuza m'manja.

"Taona, Jolene. Koma lamba uyu anali atang'ambika. Wamusoka ndani ndi ulusi wofiira?"

Ndinasoka ndine, chaka chimene a Maanda anayamba kudwala. Ndinali nditaima chapafupi, ndipo ndinaweramira mbale imene ndinanyamula.

"Akuluakulu akale amavala, bwana," anatero a Nkhumeleni. "Chikang'ambika, akazi awo amasoka."

A Jolene anagwira pachifuwa. A Harlan anabwezera chipewa pa nthambi mosamala ngati dzira, ndipo anajambula zithunzi mpaka foni inatentha.

Bwana Stoffel anazungulira mtengo pang'onopang'ono. Anaima pa chipewa chakuda, chimene anakhala akuchiona pamutu pa abusa pa maliro onse a antchito ake. Anaima pa china, chimene mwini wake anamufunitsa tsiku lonse m'minga. Alendo atapita kukasamba, anatembenuka.

"Madala, dzino lili bwanji?"

"Lapola, bwana. Dokotala wa ku Kutama ndi katswiri."

"Mwambo umenewu unayamba liti?"

"Kalekale, bwana."

"Kodi munapemphapo mlendo chipewa?"

"Ayi, bwana. Amapereka kwa mtengo."

Bwana anakanda ndevu, akuyang'ana kumene alendo analowera, kumene kunkamveka a Jolene akuimbira foni anzawo za mtengo wodabwitsa.

"Ngati ndi za mtengo, zikhale za mtengo," anatero. "Mawa mutenge waya ndi pulayala, mumange chilichonse pa nthambi yake. Chikasowa chimodzi, musowa ndinu. Inu ndinu mlonda wake." Anayenda pang'ono, n'kubwerera. "Ngoma yovulala ija chaka chatha, imene mlendo analephera kuipha, anaimaliza ndani?"

"Ndine, bwana."

"Munavala chipewa chiti?"

A Nkhumeleni anali ndi chipewa chimodzi chimene sanapatse munthu, choyera, chachikulu ngati lichero. Anachivula pang'onopang'ono, anakwera makwerero, n'kuchikoleka pamwamba pa zonse.

Akadali pafamupo mpaka lero, m'nyumba yawo yomweyo, ndipo Lamlungu amasesa pamanda a akazi awo. Bwana anaika benchi pansi pa mfula, ndipo tsopano alendo amafika ndi zipewa ziwiri, china chosiya. A Nkhumeleni ndiwo amatsogolera mwambo, ndipo chaka chilichonse mawu ake amatalika. Kumudzi kwa Kutama sanawakhululukire. Akatsika minibasi, dazi likung'anima, wogulitsa mowa amakuwa kuti, "Abale, phimbani maso, galasi lafika." Zisoti za dzina la famu amazikana, akuti ndi za ana asukulu, ndiye amamanga mpango wonyowa m'makona anayi n'kuuika pamutu.

Sabata yatha mlendo wina wa ku Spain anatuluka kuseri kwa shedi atavala sokosi zokha. Ndinatsegula zenera.

"Alamu, zayambanso?"

"Imeneyo ndi ya mbidzi, mayi a Lufuno. Mbidzi imafuna nsapato."

Ndinatseka zenera. Chipewa cha a Maanda chili pa nthambi yoyang'ana kukhitchini, anachimanga ndi waya wofewa kuti chisabooke. Mphepo ya masana ikamaomba, nthenga ija imagwedera.