Dzino loyesera mpunga la a Agatha

Mukafika pa Songani mufunse za a Agatha oluma mpunga. Amene anene kuti sakuwadziwa ndi mlendo, apo ayi ndi wabodza. Ndi achemwali anga, bere limodzi, ndipo wofuna kuwanyoza adziwe kuti ine Hopeson wa kabaza ndikadali moyo.

Zaka makumi awiri akhala akupikula mpunga kwa alimi a ku Domasi. Makina oyezera chinyezi analibe. Ankangotola njere imodzi, kuiika pa dzino lamkati lakumanzere, khwa! "Uwu ukaonenso dzuwa masiku awiri." Alimi ankakangana ndi sikelo, koma dzino limenelo palibe ankalitsutsa.

Chaka chatha linayamba kuwawa dzino loyandikana nalo. Ndinawakweza ndekha panjinga kupita ku kachipatala kena kolipira, ndipo mpaka lero ndimadzitukwana. Wozula mano uja, foni ili pakhutu, anazula labwinolo, lobooka n'kulisiya. Chibwano chinatupa, mlomo wam'munsi unachita dzanzi. Phala linkatayikira pa bulauzi iwo osamva kanthu. Munthu wokonda kuseka uja anayamba kuyenda atatseka pakamwa ndi chitenje.

Ine ndinatola chikwanje.

"Iwe Hope, khala pansi," anatero movutikira. "Ukamangidwa azindikweza ndani?"

Ndiye tinapita kwa loya ku Zomba, mayi wina wofatsa dzina lake a Anita. Anatitumiza kwa dokotala wina kuti akajambule chibwanocho ndi kulemba lipoti, kenako mlandu unalowa.

Kukhoti loya wa chipatala chija anaimirira, tayi ili pakhosi. "Bwana, dzino ndi limodzi basi. Mayiwa ndi a geni, sagwira ntchito ndi mano."

"Aise, unabadwira mu ofesi eti?" ndinakuwa. Apolisi ananditulutsa, zotsalazo ndinamvera pawindo.

Achemwali sanakweze mawu. Anamasula mfundo ziwiri za chitenje chawo, ina ya mpunga wouma, ina ya wosauma, n'kupempha kuti bamboyo anene woyenera kugula ndi uti. Anautembenuza, anaununkhiza, osausiyanitsa.

"Musachite manyazi bambo, nanenso pano sindingadziwe," anatero a Agatha. "M'mwezi wa Juni ndinapikula matumba asanu, onse anachita chuku. Alimi aja akumandidutsa tsopano."

Woweruza anavula magalasi, n'kulemba nthawi yaitali.

Chigamulo chinatuluka patatha miyezi inayi: chipatalacho chipereke chipukuta misozi, chilipirenso chithandizo ku Blantyre. Lobooka lija analizula bwinobwino kumeneko. Za dzanzilo madokotala akuti mwina silidzatha.

Loweruka lapitali achemwali anandiitana pamsika, mlimi ataima ndi thumba lake. Anandiika njere m'manja.

"Luma."

Ndinaluma. "Wouma uwu, ndithu!"

Anandiuza ndilavulire m'dzanja mwawo, n'kuyang'anitsitsa mmene njereyo yaswekera.

"Wouma kuti? Iwe mano uli nawo, koma makutu ulibe. Umamvera kulira kwake, osati kumangotafuna ngati mbuzi."

Mlimi uja anafa nacho chikhakhali. Achemwali nawonso anaseka, mlomo utapendekera mbali imodzi, anthu onse akuona.

"Luma ina, pang'onopang'ono."

Kusiteji anzanga ankandikuwira kuti kasitomala wanga akwera njinga ina. Ndinawauza kuti amutenge, ine ndili kusukulu.