Ndinanamizira mpongozi wanga chifukwa cha nsomba za m'galasi

Ine sindine munthu wopepesapepesa. Amene amandidziwa kuno ku Bembeke angakuuzeni. Koma izi ndilemba, chifukwa ndinalakwa, ndipo kulakwa kwanga kunathetsa banja la mwana wanga. Ndinanamizira mpongozi wanga chigololo. Umboni wanga unali nsomba zakufa. Inu owerenga, musafulumire kuseka. Werengani kaye.

Ndine mlimi wa mbatata ya kachewere. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma pa ulimi palibe amene amandiphunzitsa. Mwana wanga wamwamuna, Fabiano, amagwira ntchito ku Joni, ndipo ina mwa ntchito zake ndi kusamalira nsomba zoweta m'nyumba ya abwana ake. Chaka china pobwera kudzadya Khirisimasi anadzera ku Lilongwe n'kugula bokosi lagalasi, lalitali ngati benchi, pamodzi ndi tinsomba ta mitundumitundu. Tina tofiira, tina ta mizere ngati mbidzi, tina ta michira yaitali yonga nsalu, ndi kena kakuda kongokhalira kuyamwa galasi. Anati zonsezi zimakhala pamodzi osadyana. Analiika pabalaza m'nyumba mwanga, poti kunyumba kwake magetsi anali asanalowe. Anaikamo kamakina kotulutsa thovu ndi kachitsulo kofunditsa madzi, chifukwa kuzizira kwa kuno nsombazo sizingakupirire.

"Izi si ndiwo, bambo," anatero. "N'zongoonerera."

Ndinamuuza kuti n'zachibwana. Koma kunena zoona, ndinazikonda. Anthu ankachokera midzi ina kudzaona, ndipo ine ndinkakhala pampando wanga n'kumawalozera ngati ndinazilenga ndine. Mnzanga wa bawo, a Kamwendo, ankandiseka. "Mwakalamba bwino, achimwene. Anzanu akuweta ng'ombe, inu mukuweta matemba ovala suti." Ndinkawayankha kuti ng'ombe zawo palibe amene amayenda mtunda kukaziona.

Pobwerera ku Joni, Fabiano anasiya ntchito yosamalira nsomba m'manja mwa mkazi wake, Nangozo. Anamuonetsa kadyetsedwe kake ndi kasinthidwe ka madzi, n'kumugulira ndowa yatsopano ya ntchito yokhayo. Ine sanandionetse kanthu. Zinandiwawa. Nyumba yanga, magetsi anga, koma mwana wanga n'kukhulupirira mtengwa wobwera dzana lomweli kuposa atate ake omubala. Ndinangosunga mumtima.

Nangozo anali mkazi waulemu. Zimenezi ndinene poyera. Mwa mwambo wathu mkazi sacheza ndi apongozi ake aamuna. Ankalowa m'nyumba ine nditapita kumunda, kudyetsa nsomba, n'kutuluka. Tikakumana panjira ankapatuka n'kugwada chapatali. Mawu ake kwa ine ankadzera mwa akazi anga.

Inali nyengo ya dzinja, nthawi yopopera mbatata mankhwala kuti isagwidwe ndi chiwawu. Ndikabwera kumunda ndinkaona kuti madzi m'galasi atsika pang'ono. Ndinkati mumtima, mwaona, ulesi wake ndi umenewu. Ndiye ndinkatenga ndowa yanga ya kumunda, kutunga madzi pamjigo, n'kuwonjezera. Sindinkauza munthu. Ndinkati ndikukonza zimene mtengwa walephera.

Kenaka nsomba zinayamba kufa. Yoyamba inali ya mchira wautali. Inakwera pamwamba n'kumayasama ngati ikupempha mpweya, kenaka inagona chammbali. Tinaipeza itayandama, mimba itatupa. Zinatsatira zina. Zinkafa, kuleka, n'kuyambiranso. Madzi ankaoneka oyera bwinobwino. Kamakina kankagwira ntchito, kachitsulo kankafunditsa, chakudya chinali chomwe chija. Nangozo anaimbira mwamuna wake foni kangapo. Mwamunayo anamuuza kuti achepetse chakudya, anachepetsa. Anamuuza kuti atsuke timiyala ta pansi, anatsuka. Sizinaleke. Tsiku lina ndinamumva akulira kuseri kwa nkhokwe, atangokwirira kansomba kofiira.

Akazi anga anabwera ndi uthenga. "Bambo a Fabiano, apongozi anu akupempha. Akuti ngati pali amene akuthira madzi m'galasimo, aleke. Akumapeza madzi atachuluka kuposa mmene anawasiyira."

Ndinapsa mtima. Ndinati akamuuze kuti wolamula m'nyumba muno si iye. Sindinavomere kuti wothira madzi ndine. Ndinaona ngati akufuna kundikankhira mlandu wake.

Sabata yomweyo a Kamwendo anabwera n'kupeza nsomba ina itayandama. Anaiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu.

"Kutupa kumeneku ine ndikukudziwa. Akanakhala mwana, tikanati tsempho. Amazidyetsa ndani?"

Ndinawauza.

"Mwamuna wake ali ku Joni?"

Ndinati inde.

"Basi, ine sindinanene kanthu," anatero, natenga chipewa chawo.

Achinyamata amene simukudziwa, makolo ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kumagwirabe chakudya cha pakhomo, ofooka a pakhomopo amatupa n'kudwala. Ndilo tsempho. Ine ndine Mkatolika, ndinakhalapo mkulu wa mphakati wathu. Ndinayenera kuwatsutsa a Kamwendo pomwepo. Koma mawu awo anandikomera. Anandikomera chifukwa anandipatsa chimene ndinkafuna kuyambira kale, kuti wolakwa akhale mtengwa uja.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuona mwina. Akapita ku Chimbiya kukagulitsa kabichi n'kuchedwa kubwera, ndinkati mwaona. Atavala chitenje chatsopano ndinati wamugulira ndani, chonsecho chinachokera kwa mwamuna wake yemwe. Kenaka akazi anga anandinong'oneza mosangalala kuti Nangozo ndi woyembekezera. Miyezi yake inkagwirizana ndi nthawi imene Fabiano anali kuno. Aliyense akanaona. Ine sindinafune kuona.

Ndinawauza akazi anga maganizo anga. Anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Tsempho la nsomba munalimva kuti inu? Agogo anu ankaweta nsomba m'galasi?"

Ndinawauza kuti akhale chete, nkhani za pakhomo pano ndimaweruza ndine. Anakhala chete. Zaka zonsezi ndinawazolowetsa choncho.

Ndinaimbira Fabiano. Ndinalankhula mawu ochepa, monga ndimachitira. Ndinati nsomba zako zikufa ndi tsempho, mkazi wako sakuyenda bwino, ndipo mimba ili apoyi uifunse bwino. Iye anati, "Bambo, mwaona ndi maso anu?" Ine ndinati, "Unayamba wandimvapo ndikunama?"

Banja lake ndinaliphera pamenepo. Mwana uja za tsempho sanazikhulupirire, nsomba amazidziwa. Anakhulupirira ine.

Zimene anamuuza mkazi wake pafoni sindinazimve. Ndinangoona m'mawa mwake Nangozo atamanga katundu. Anabwera kudzagwada chapatali monga mwa nthawi zonse, n'kulankhula kwa ine mwachindunji kwa nthawi yoyamba. "Abambo, ndapita kwathu ku Linthipe. Chakudya cha nsomba chili pawindo. Musamathire chambiri." Ananyamuka. Akazi anga anamuperekeza mpaka kumsewu, nabwerera osandiyang'ana.

Ine ndinati tsopano zichira. Ndinaganiza zochotsa madzi onse amene anagwira mkazi uja kuti ndiyambe mwatsopano. Ndowa yake anaisiya, koma sindinafune kuikhudza. Ndinatenga yanga. Ndinakapa madzi akale, n'kutunga atsopano mpaka galasi kudzaza. Kenaka ndinakhala pampando kuti ndionerere ntchito yanga.

Inu owerenga, sizinachedwe. Nsomba zonse zotsala zinakwera pamwamba nthawi imodzi. Zinkazungulira ngati zaledzera, zina n'kumadzigunditsa kugalasi. Dzuwa lisanapendeke zonse zinali zitayandama, ngakhale kakuda kaja kamene kanapirira nthawi yonseyi. Nangozo anali ku Linthipe. Amene anagwira madziwo ndinali ine ndekha.

Akazi anga analowa. Anayang'ana galasi, nayang'ana ndowa imene inali pamapazi anga. Anainyamula n'kuinunkhiza. Kenaka anapisa chala m'mbali mwa pansi pake n'kundionetsa. Chala chinali chachikasu.

"Si ndowa yosungunulira mankhwala a mbatata iyi?"

"Ndimaitsuka," ndinatero.

"Mumaitsuka. Nanga inuyo mungamwere madzi m'menemu?"

Sindikanamwera. Ngakhale nkhuku zanga sindikanazimwetsera. Koma poti nsomba zimakhala m'madzi, ndinkaona ngati kwa izo madzi alionse ndi madzi. Ndinakumbukira masiku onse amene ndinkawonjezera madzi ndikuchokera kopopera. Ndinakumbukira kuti zinkaleka kufa ine ndikatanganidwa n'kuiwala za galasi. Ndinakumbukiranso uthenga wa Nangozo. Mwana uja anatsala pang'ono kuchipeza chifukwa chake, ine n'kumutseka pakamwa.

Ndinachedwa kuimba foni. Manyazi. Nditaimba ndinanena zonse, osabisa. Fabiano sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangoti, "Bambo, mawu amene ndinamuuza mkazi uja sabwezeka." Anadula.

Ndinapita ku Linthipe ndi ankhoswe. Ine amene sindinagwadirepo munthu, ndinavula chipewa pamaso pa makolo a Nangozo n'kunena kuti ndinanama. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando. Nangozo anakhala pamphasa chapatali, mimba itakula. Atafunsidwa maganizo ake, analankhula motsitsa mawu. "Abambo ndawakhululukira, ndi akuluakulu. Koma mwamuna amene anamva kuti mwana wake si wake n'kuvomera osandifunsa n'komwe, kwa ameneyo sindibwerera." Ankhoswe anayesa kumunyengerera. Sanasinthe. Ine ndinadziwa kuti sakulakwa.

Mwana anabadwa wamkazi. Akazi anga amapita kukamuona, n'kubwera kudzandiuza kuti wayamba kukwawa, wayamba kuyenda, wayamba kulankhula. Akuti chipumi ndi changa. Ine ndinamuonapo kamodzi, patchalitchi pa ukwati wa wachibale, ali kumbuyo kwa amayi ake. Sindinayandikire. Palibe amene anandiletsa. Fabiano amathandiza mwanayo, koma kuno sanabwerenso kudzadya Khirisimasi. A Kamwendo amati iwo sananene kanthu. Sakunama. Ananena ndine.

Inu owerenga, makamaka akuluakulu anzanga, mverani. Chinthu chikamafa pakhomo osadziwika chifukwa chake, kaya ndi nkhuku, kaya mbuzi, kaya nsomba za m'galasi, yambani mwafufuza manja anu ndi ziwiya zanu musanatchule dzina la munthu. Chiwiya chimene chinalowapo mankhwala a kumunda chisayandikire madzi a chamoyo chilichonse, ngakhale mutachitsuka chotani. Wamng'ono akakutumizirani mawu, amvereni ngakhale akuwaweni. Ndipo ngati ana anu amakukhulupirirani chifukwa simunama, dziwani kuti pakamwa panu ndi poopsa kuposa pa munthu wabodza. Wabodza akanena, anthu amafufuza. Ine nditanena, mwana wanga sanafufuze.

Galasi lija likadali pabalaza, louma. Ndinafuna kulichotsa, akazi anga anakana, ndipo ulendo uno sindinawauze kuti akhale chete. Anati likhale pomwepo, moyang'anizana ndi mpando wanga. Ndowa ya Nangozo ili pansi pake, yoyera ngati tsiku limene inagulidwa. Sanatumepo munthu kudzaitenga, ndipo ine mpaka lero ndikulephera kukaipereka.