Mpweya Wanga M'nyimbo ya Ukwati

Tsiku limenelo tinalipo anayi pakhonde pathu ku Mlowe: ine, mayi akunyumba, mwana wanga wamwamuna amene amaphunzitsa ku Chiweta, ndi mlongo wake amene amakwatiwa Loweruka lake. Nyimbo ya ukwatiwo ndinapeka ndine, koma mawu anali atandisasa, ndiye mphunzitsiyo anati kompyuta yake iyimba m'malo mwanga.

Anayamba ndi gitala ndi ng'oma, kenaka anaikapo mawu a makinawo. Ndinakuwa mosasa momwemo: "Kweza! Zaka zonse ndatsogolera kwaya ine, kumbuyo sanadandaulepo kuti sakumva!" Atakweza, gitala inasowa. Mkwatibwi anati, "Adada, nanga tivina chiyani?" Basi mphunzitsiyo anatsitsa pang'onopang'ono mpaka mawu ndi gitala zinayendera limodzi.

Koma ine khutu langa silinama. Chinthucho chimayimba osapuma! Ndinati, "Ameneyu akomoka." Ndiye ndimamenya tebulo paliponse pamene woyimba amakoka mpweya, mwana wangayo n'kumasiya kampata m'nyimbomo. Kenaka anandijambula ndikupuma, kuti aike m'timipatamo. Poyamba zinamveka ngati ng'ombe yatopa pa mtunda wa Chiweta, mayi anaseka mpaka misozi. Mphunzitsiyo anatsitsanso, kutsitsa ndithu, mpaka mpweyawo unangomveka patalipatali. Titayesa pa foni, mkwatibwi ananyamuka n'kuyamba kuvina. Ndinati, "Yewo chomene."

Akulongedza kompyuta, mwana wangayo anati, "Adada, chibadwire changa palibe anakutsitsanipo. Lero ndakutsitsani ine, ndipo mwathokoza."