Khasu la Amake Ennie

Ku Ndake mukafunsa za Elizabeth Daka, anthu amayamba aganiza kaye. Mukati amake Ennie, aja odana ndi udzu, aliyense akulozerani njira. Amuna awo anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo anawalera okha ndi thonje ndi chimanga. Sukulu sanapite nayo patali. Chomwe amanyadira ndi munda woyera. Ngakhale popita kutchalitchi, akaona chisoso m'munda wa eni ake m'mbali mwa njira, amawerama n'kuzula, mwini munda osadziwa.

Ine ndinawadziwira kwa mwana wawo. Ndimaphunzitsa kemisitiri pa kakoleji kena ku Petauke, ndipo ofesi timakhala awiri ndi a Josphat Lungu, mphunzitsi wa zaulimi. Dipatimenti yathu ya sayansi si yoti n'kudzitama nayo. Ophunzira amachita kudikirirana pa maikulosikopu, gasi wa mu labu amatha chaka chisanafike pakati, ndipo misonkhano yathu imathera pa kukangana za amene anasiya mpopi wosatseka. Chomwe tili nacho chokwanira ndi nthaka. N'chifukwa chake wophunzira zaulimi aliyense wa chaka chomaliza amapatsidwa kandime kuseri kwa labu kuti achitepo kafukufuku. Popanda zotsatira za kandimeko, palibe kumaliza maphunziro.

Ennie, mmodzi wa ophunzirawo, anasankha kufufuza kuti udzu umachepetsa bwanji zokolola za mtedza. Anagawa ndime yake pawiri, mbali ina yopalira, ina yosiya dala, kuti pokolola adzayerekeze. Anakhomapo chikwangwani cha dzina lake. Pofika mu Januwale mbali yosiyayo inali tchire lenileni, a Lungu n'kumakondwera nayo kwabasi.

Loweruka lina amake anatsika basi atasenza ufa ndi nkhwani. Ennie anali atapita ndi anzake kukatunga madzi oyeza kumtsinje. Mlonda wa pageti anawalozera minda ya ophunzira kuti akadikirire kumeneko pamthunzi, iye n'kubwerera pageti pake. Chingerezi cha pachikwangwani mayiwo sanachimve, koma dzina la mwana wawo amalidziwa. Anayang'ana ndime za ana a anzawo zoyera bwino, anayang'ananso ya Ennie. Pakhoma la labu panali patatsamira khasu.

Pamene Ennie ankafika masana, udzu wonse unali utaunjikidwa kumapeto kwa mizere.

"Amama, mwachita chani?"

"Nakuchotsela nsoni, mwana wanga. Aziphunzitsi ako akanaona pa Mande, sembe anakamba kuti ku Ndake tilibe manja."

Ennie anangokhala pansi pamzere pomwepo n'kuyamba kulira.

Lolemba a Lungu anaima nthawi yaitali pandimepo, manja ali m'thumba. Kenaka anati sanaonepo wophunzira wopalira bwino chonchi, ndipo palibe anaseka. Udzu wozulidwa subwezeredwa, ndipo kubzalanso kunali kutachedwa. Kumsonkhano wa dipatimenti ena ankati mtsikanayo angobwereka zotsatira za mnzake, nkhani ithe. A Lungu anakana kwamtuwagalu. Tinagwirizana kuti abwereze mvula yotsatira, kamodzi kokha. Popeza ndime za pakoleji zinali zoti zipite kwa kalasi yatsopano, anayenera kukachitira kwawo, a Lungu azikayendera. Anzake anavala mikanjo chaka chimenecho, iye ali ku Ndake. Ndinamumvera chisoni, koma nanenso ndinavomera chigamulocho.

Malo athyathyathya oyenera kafukufukuyo anapezeka amodzi okha, kumunda kwa amake, m'mbali mwa njira ya kumjigo imene mudzi wonse umadutsa. A Lungu anapita kukakhoma zikhomo mvula isanagwe.

"Amai, mbali iyi musagwileko, olo udzu ufike m'chiuno," anatero.

"Nanga anthu azakamba chani, a Lungu?"

"Azakamba. Koma mukazula olo kamodzi, mwana wanu samaliza."

Anthu anakambadi. Ena ankati amake Ennie akalamba, ena ankati ku koleji kuja mwana anakaphunzirako ulesi n'kudzapatsira amake. Amayi a kutchalitchi anafika m'mawa wina ndi makasu, monga amachitira kwa wodwala. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akupalira minda ya eni ake osapemphedwa anayenera kuima pamzere n'kuwabweza anzake. Ennie akuti tsiku limenelo amake sanadye.

Mu Febuluwale ndinaperekeza a Lungu kukayendera. Tinapeza mbali yopalira ili mbee, mbali inayo udzu utafikadi m'chiuno, mtedza wake wachikasu, wowonda. A Lungu anazungulira ndime yonse akuyang'ana pansi ngati pali pozulidwa. Sanapeze. Anapempha khasu kuti akumbe dothi loti tikayeze ku labu.

"Panyumba palibe," anatero mayiwo. "Langa ligona kwa a Njobvu, kutsidya la mtsinje. Nimakatenga m'mawa popita kuchimanga, nimabweza pobwela. Ninawauza kuti asanilole kubwela nalo kuno, olo nilile bwanji."

A Lungu anakumba ndi mtengo. Atamaliza anauza Ennie kuti zonse zili m'malo, akapitiriza chonchi amaliza.

"Manje ningazule?" anafunsa amake.

"Iyai, amai. Mpaka akolole."

Amake Ennie anaima pomwepo m'mphepete mwa ndime, chisoso chikukhudza chitenje chawo. Pochoka ndinacheuka, ndipo ndinaona kuti manja awo onse awiri anali kumbuyo, lina litagwira linzake mwamphamvu.